Chigwada, mthethe ndi utomoni wa papaya pa njoka za m'mimba mwa nkhosa

Nkhosa ikafa mu Febuluwale, ambiri poitumbula amathamangira m'matumbo. Akapanda kuonamo kanthu amangoti yafa ndi matenda achilendo, kapena yameza jumbo. Chonsecho chomwe chaipha chili pomwepo, kungoti achidumpha. Chifu cha nkhosa chili ndi zigawo zinayi, ndipo chofunika kung'amba ndi chachinayi, choterera m'kati chija, chomwe chimalumikizana ndi matumbo ang'onoang'ono. Khutulirani za m'kati mwake m'beseni la madzi oyera, takasani pang'ono, dikirani zidikhe. Mudzaona tinthu tonga ulusi, totalika masentimita 2 kapena 3, tina tofiira, tina topotana zofiira ndi zoyera ngati chingwe cha mitundu iwiri. Imeneyo ndi nyongolotsi yomwe madokotala a ziweto amaitcha Haemonchus contortus. Zopotanazo ndi zazikazi: chofiiracho ndi thumbo lake lodzaza magazi a nkhosa yanu, choyeracho ndi mosungira mazira.

Nyongolotsi imodzi imatayitsa nkhosa magazi pafupifupi mamililita 0.05 patsiku. Akuoneka ochepa, koma zikakhala 2,000, zomwe si zachilendo m'dzinja, ndiye kuti mamililita 100 akupita tsiku lililonse, pamene nkhosa ya makilogalamu 25 magazi ake onse sakwana malita awiri. Yaikazi imodzi imaikira mazira 5,000 mpaka 10,000 patsiku. Mazirawo amatuluka ndi ndowe, ndipo kukamatentha kuli chinyezi, pakatha masiku 4 mpaka 7 timphutsi timakhala takhwima, takwawira pa udzu kudikira pakamwa pa nkhosa. Tikalowa m'chifu, pamangodutsa masabata atatu kuti nato tiyambe kuikira. Walira mvula walira matope. Onjezanipo chizolowezi chathu chomangirira ziweto pa zikhomo nyengo yolima poteteza chimanga: nkhosa imadya, imachita ndowe, n'kudyanso m'bwalo lomwelo la chingwe masiku ambirimbiri. N'chifukwa chake makola amapululuka kuyambira Januwale mpaka Epulo, msipu uli biriwiri ponseponse.

Mankhwala ogula alipo, koma mtengo wake ndi mtunda wokawapeza zimatembenuzira alimi ambiri ku zitsamba. Palinso vuto loti njokazi zikazolowera mankhwala zimayamba kuwapirira. Ku South Africa pofika m'ma 1990 kunali mafamu omwe pafupifupi mankhwala onse anali atasiya kugwira, ndipo n'zomwe zinachititsa akatswiri m'maiko ambiri kuyamba kuyesa zomera mwakhama. Zomwe zatuluka m'kuyesako n'zakuti zomera zothandizadi pa nkhosa yamoyo, zambiri mwa izo ndi zodyetsa tsiku ndi tsiku, osati zomwetsa kamodzi ngati mankhwala a m'botolo. Zimachepetsa mazira, zimafooketsa timphutsi, zimalimbitsa thupi la chiweto. Nkhosa yomwe magazi athamo kale, yoyera m'maso, yotupa kunsi kwa chibwano, imeneyo tsamba silingaidzutse. Mukaichedwetsa ndi zitsamba mwaipha nokha.

Masamba oumitsa m'kamwa

Lumani nthochi yaiwisi, kapena imwani tiyi wowirira kwambiri wopanda mkaka. Kuuma m'kamwa mumamvako kumabwera ndi tanini, chinthu chomwe chimakakamira pa mapuloteni. M'masamba a mitengo yambiri ya nyemba muli mtundu wina wa tanini womwe umasautsa nyongolotsi. Kamphutsi kakamezedwa kamakhala katavala chikhungwa chopyapyala, ndipo kayenera kuchivula kuti kakhazikike m'chifu. Tanini amachedwetsa kuvulako, motero timphutsi tambiri timadutsa n'kutuluka tisanagwire. Nyongolotsi zazikazi zomwe zilimo kale zimayamba kuikira mochepa, ndipo mazira omwe atuluka ambiri saswa bwino. Phindu lina ndi la chakudya: tanini wapang'ono amateteza mapuloteni kuti asaphwanyikiretu m'chifu chachikulu, chomwe ndi chigawo choyamba, n'kukafika kumatumbo komwe thupi limawagwiritsa ntchito popanga magazi ndi chitetezo.

Chomera chomwe chayesedwa kwambiri ndi sericea lespedeza, chomwe dzina lake la sayansi ndi Lespedeza cuneata. Ku America, m'zigawo za Georgia, Louisiana ndi Arkansas, anadyetsa nkhosa ndi mbuzi chomerachi chili chachiwisi, chouma komanso chogayidwa, ndipo kawirikawiri mazira m'ndowe ankatsika ndi theka kapena kuposerapo. Alimi ena ku South Africa amachilima chifukwa chomwecho. Ku Ulaya amadalira zomera zotchedwa sainfoin ndi chicory. Ife kuno zimenezi n'zosowa, koma zomwe zinaphunziridwa pa izo zikutikhudza. Choyamba, tsambalo liyenera kukhala gawo lalikulu ndithu la chakudya, osachepera gawo limodzi mwa magawo anayi. Chachiwiri, mukangosiya kudyetsa, mazira amakweranso, chifukwa njoka zambiri zimakhala zinangofooka, sizinafe.

Tiyeni tiwerengere. Nkhosa imadya chakudya chouma chokwana pafupifupi 3 peresenti ya kulemera kwake patsiku. Ya makilogalamu 30 ndiye kuti magalamu 900. Gawo limodzi mwa anayi kapena mwa atatu ndi magalamu 225 mpaka 300 a masamba ouma. Masamba aawisi ambiri magawo atatu mwa anayi ndi madzi, choncho ngati mukudula atsopano, nkhosa imodzi ikufunika pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku, masamba okhaokha osawerengera timitengo. Khola la nkhosa khumi likufuna makilogalamu atatu a masamba ouma tsiku lililonse, ndipo pa masabata asanu ndi atatu ndi makilogalamu pafupifupi 170. Thumba lomwe limalowa makilogalamu 50 a chimanga, mukalidzaza masamba ouma silifika ngakhale theka la kulemerako. Apa m'pomwe ambiri amagwera: amaponya kanthambi kamodzi m'khola Lamlungu lililonse, kenako n'kumati zitsamba n'zabodza. Ngati masamba ndi ochepa, musagawire khola lonse mofanana. Perekani kwa ana ongosiya kuyamwa ndi nkhosa zazikazi kuyambira masabata awiri zisanabereke mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu zitabereka, chifukwa nthawi imeneyo chitetezo chawo chimatsika ndipo ndi zomwe zimathira mazira ambiri pa msipu.

Chigwada chimapezeka mosavuta, makamaka m'mbali mwa nyanja. Ku Cambodia ndi ku Vietnam anaona kuti mbuzi zodya masamba a chinangwa zinkatulutsa mazira ochepa poyerekeza ndi zodya udzu wokha, komanso zinkakula bwino, poti tsambali lili ndi mapuloteni opitirira 20 peresenti likauma. Koma chigwada chachiwisi chili ndi poizoni wa cyanide, wambiri m'mitundu yowawa monga Gomani, wocheperapo mu Manyokola, ndipo nsonga zanthete ndiye zoopsa kuposa masamba okhwima. Dulani masamba ndi tinthambi tanthete, duladulani ndi chikwanje kuti poizoniyo apeze potulukira, yanikani mopyapyala pa mphasa kapena pa thandala padzuwa masiku awiri kapena atatu, mukutembenuza, mpaka tsamba lizithetheka m'manja. M'dzinja dzuwa limavuta, choncho yanikani pa khonde podutsa mphepo, ndipo musaunjike. Masamba ounjikidwa ali ndi chinyezi amatentha m'kati n'kuchita nkhungu, ndipo ankhungu atayeni. Osapatsa nkhosa yanjala chigwada chongothyola kumene. Ikadya chambiri imayamba kupuma mwabefu, kunjenjemera, kudzandira, m'kamwa mumafiira kwambiri, ndipo ikhoza kufa pasanathe ola. Kumbukiraninso kuti kukolola masamba pafupipafupi kumachepetsa chinangwa pansi. Nthawi yabwino yosonkhanitsa ambiri ndi pamene mukuzula.

Mitengo yaminga nayo ili ndi tanini wambiri, koma si yonse yofanana. Ku Zimbabwe anayesa masamba a Acacia karroo ndi Acacia nilotica pa mbuzi zomwe anazipatsira dala Haemonchus. Woyambayo anatsitsa mazira ndi chiwerengero cha njoka, wachiwiriyo sanaonetse kanthu, ngakhale yonse iwiri imaumitsa m'kamwa. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania anayesa ufa wa masamba a mthethe, ndipo mazira anatsika pang'ono chabe. Kumeneko anayesanso kumwetsa tanini wochokera m'makungwa a mtengo wa black wattle, yemwe amafufutira zikopa uja, ndipo pa nkhosa anagwira bwino kuposa pa mbuzi. Ndiye mthethe muuone ngati wothandizira, osati woti n'kuusiyira ntchito yonse. Pokolola, dulani nthambi, ziyanikeni pa chinsalu kapena pa lona masiku awiri kapena atatu, kenako menyani ndi ndodo. Timasamba timayoyoka tokha, minga imatsala ku nthambi. Sefani ndi lichero musanaike m'thumba, chifukwa minga ya mthethe ndi yokowa ndipo ikalowa m'kamwa mwa mwana wa nkhosa amasiya kudya.

Kaliyandra, mtengo wa m'gulu la nyemba, ali ndi tanini wochuluka ndipo nkhosa zimamudya bwino akangodulidwa. Lukina ndi chakudya chabwino kwambiri, koma ali ndi poizoni wotchedwa mimosine, ndipo akapitirira magawo 30 pa 100 a chakudya kwa nthawi yaitali nkhosa imathothoka ubweya, imachucha dovu, imaleka kunenepa, ndipo ya bere ikhoza kubereka mwana wofooka wotupa pakhosi. Masamba a nandolo, chammwamba ndi zotsala za mtedza mukakolola, phindu lawo lalikulu ndi mapuloteni. Zimenezi musazipeputse. Nkhosa yodya bwino imabwezeretsa magazi mwachangu ndipo thupi lake limakana timphutsi tambiri tisanakhazikike. Nyemba za msangu zomwe zimagwa m'chilimwe, mukazitola n'kusunga, zimathandiza nkhosa kulowa m'dzinja zili ndi mnofu.

Tanini akachuluka amasanduka vuto. Akakhala pa 2 mpaka 4 peresenti ya chakudya chouma amathandiza, koma akadutsa 5 kapena 6 peresenti nkhosa imayamba kudya monyinyirika, chakudya sichigayika bwino, ndipo imaonda ngakhale njoka zachepa. Kumudzi simungayeze tanini, koma mukhoza kuona nkhosa: ikamasiya masamba m'chodyeramo, ndowe zikauma gwaa, msana ukayamba kuonekera, chepetsani. Yambani ndi dzanja limodzi patsiku, muzionjezera kwa masiku 7 mpaka 10 mpaka mutafika pa mlingo, poti tizilombo togaya chakudya m'chifu timafuna nthawi kuti tizolowere. Kusakaniza ndi madeya pang'ono ndi kamchere kumathandiza kuti zilandire. Ndipo musadyetse chaka chonse. Pa lespedeza anapeza kuti kupitirira masabata asanu ndi atatu ana a nkhosa amayamba kukula mochedwa ndipo michere ina m'magazi imatsika. Dyetsani masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu pa nthawi yoopsa, pumitsani, n'kudzayambanso ngati mvula ikupitirira.

Papaya, nimu, adyo ndi nthanga za maungu

Pa zomwetsa, utomoni wa papaya wosapsa ndi womwe uli ndi umboni wooneka. Muli ma enzyme osungunula mapuloteni, wina wake ndi papain, omwe amadya khungu la nyongolotsi monga momwe tsamba la papaya limafewetsera nyama yolimba. Mu 2011 akatswiri a ku Britain anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti utomoniwu, wosefedwa ndi kuyezedwa mphamvu, utaperekedwa masiku anayi otsatizana unapha pafupifupi Haemonchus yense mwa nkhosa, kuposa utaperekedwa kamodzi. Koma pa Trichostrongylus, nyongolotsi ya m'matumbo ang'onoang'ono yomwe imatsegulitsa m'mimba, sunagwire.

Katengedwe kake n'kosavuta. M'mawa kwambiri, pa papaya wamkulu koma wobiriwira yemwe akadali pa mtengo, chekani mizere itatu kapena inayi kuchokera kumwamba kupita pansi, yosalowa kupitirira mamilimita awiri. Gwiritsani ntchito lumo losachita dzimbiri, ndipo landirani m'mbale ya pulasitiki kapena ya galasi, chifukwa chitsulo chadzimbiri chimaononga mphamvu yake. Utomoniwo umaotcha khungu ndipo ukalowa m'maso ndi ngozi. Suyenera kuwiritsidwa kapena kusiyidwa padzuwa. Chovuta chili pa kuchuluka. Ku Indonesia, poyesa pa nkhumba, zinatengera magalamu 8 a utomoni pa kilogalamu iliyonse ya chiweto kuti njoka zonse zife. Pa mlingo ngati umenewo chiweto cha makilogalamu 30 chingafune magalamu 240, pamene papaya mmodzi amangodontha timagalamu towerengeka. Mphamvu yake imasiyananso mtengo ndi mtengo. Kasupuni kamodzi komwe anthu amauzana pa WhatsApp kamangosungunuka m'chifu chachikulu cha malita angapo osafika n'komwe pali njoka. Nkhosa ya bere musaimwetse utomoniwu, umatha kuvutitsa chiberekero.

Nthanga za papaya ndi adyo anaziyesa ku Arkansas pa ana a nkhosa ndi mbuzi, ndipo lipoti la mu 2009 linati sizinachepetse njoka. Adyo ndi anyezi zikachuluka zimaphwanya maselo ofiira a magazi, ndiye kupatsa nkhosa yomwe magazi akuchepa kale n'kuiwonjezera mtolo. Nthanga za maungu sizivulaza, zili ndi mafuta ndi mapuloteni, ndipo makolo m'maiko ambiri ankazigwiritsa ntchito pa njoka zaphanthiphanthi za m'matumbo, koma pa Haemonchus zotsatira zake n'zosadalirika. Ngati muli nazo zambiri, sinjani muthire m'madeya monga chakudya, basi.

Nimu amatamandidwa pa chilichonse. Ku Malaysia ena anaona njoka zikuchepa mwa nkhosa zodya masamba ake aawisi tsiku ndi tsiku. Ku Kenya, pa kafukufuku yemwe anachitika mogwirizana ndi bungwe lofufuza za ziweto la ILRI kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anatenga zomera zingapo zomwe abusa a kumeneko amazidalira, nimu ali pomwepo, n'kuzikonza monga momwe eni ake amakonzera, koma palibe chomwe chinatsitsa mazira mokwanira. Nkhani zambiri zoti chitsamba chakutichakuti chimapha njoka zimachokera pa kuyesa m'kambale ku labotale, momwe nyongolotsi imamizidwa m'madzi a chitsambacho. M'kambale ngakhale mchere umapha. M'chifu cha nkhosa mankhwalawo amasungunuka ndipo tizilombo ta m'menemo timawaphwanya asanafike chigawo chachinayi.

Pa nimu pali ngozi ina: kumusokoneza ndi indiya. Nimu maluwa ake ndi oyera, zipatso zake n'zotalikirapo, ndipo tsamba lake ndi mzere umodzi wa timasamba mbali ziwiri. Indiya maluwa ake ndi ofiirira, zipatso zozungulira zachikasu zomwe zimakhalitsa pa mtengo, tsamba lake logawikanso kawiri. Zipatso za indiya ndi poizoni ku ziweto. Fodya naye asayandikire pakamwa pa nkhosa. N'zoona kuti kale, mankhwala amakono asanabwere, chikonga chinkagwiritsidwa ntchito pa njoka, koma anachisiya chifukwa mlingo wopha njoka uli pafupi kwambiri ndi wopha nkhosa, ndipo madzi onyikamo fodya simungadziwe ukali wake. Ombwe ndi wa nkhupakupa ndi nsabwe, wopaka kunja. Chomera chomwe chimapha nsomba m'dziwe si chomwetsa chiweto chofooka. Nthanga za nsatsi ndi masamba a lantana ndi poizoni basi.

Alovera ndi makungwa owawa ambiri amangotsegula m'mimba. Mwini wake akaona tizidutswa toyera ngati mpunga m'ndowe amasangalala kuti njoka zatuluka. Timeneto ndi tizigawo ta Moniezia, njoka yaphanthiphanthi, tomwe timathothoka tokha ngakhale popanda mankhwala, ndipo njoka imeneyi siipha nkhosa kawirikawiri. Haemonchus akafa amagayika m'matumbo, simumuona m'ndowe. Nkhosa yochepa magazi mukaitsegulanso m'mimba imangotha madzi.

Chilichonse chomwe mukumwetsa, kaya chogula kaya chophika nokha, kamwetsedwe kolakwika kamapha msanga kuposa njoka. Imikani nkhosa pakati pa miyendo yanu, matako ake atatsamira khoma. Dzanja limodzi kunsi kwa chibwano, mutu ukhale mowongoka monga imaimira yokha, osaukweza kumwamba. Lowetsani sirinji yopanda singano m'mbali mwa kamwa, pomwe palibe mano, nsonga ifike pamwamba pa lilime chakumbuyo, n'kukankha pang'onopang'ono ikumeza. Ikatsokomola kapena kulira, imani. Kukoka lilime kapena kuthira ndi botolo mutu uli chagada kumalowetsa madzi m'mapapo, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu nkhosa imafa ndi chibayo.

Yang'anani m'chikope

Mlimi wodyetsa masamba ayenera kudziwa nthawi yomwe masambawo alephera, ndipo chomuuza ndi diso la nkhosa. Njira ya FAMACHA inapangidwa ku South Africa m'ma 1990, ndipo dzinalo linachokera kwa Dr Faffa Malan, yemwe anagwira ntchitoyi limodzi ndi Gareth Bath ndi Jan van Wyk. Ndi kakhadi ka mitundu isanu, 1 wofiira kwambiri mpaka 5 woyera. Itulutseni nkhosa poyera, osati m'khola mwa mdima. Ndi chala chimodzi tsekani chikope chapamwamba n'kusindikiza diso pang'ono, ndi chala china kokerani chikope chapansi m'munsi, mnofu wa m'kati utuluke. Onani mtundu wake msangamsanga, chifukwa mukachedwa kapena kubwereza kangapo umafiira ndi kukhudzako n'kukunamizani. Yofiira bwino isiyeni. Yotuwa kapena yoyera, 4 ndi 5, imwe mankhwala ogula tsiku lomwelo. Yapakatikati, 3, imwe ngati ndi mwana, ya bere, yoyamwitsa kapena yoonda. M'dzinja onani khola lonse masabata awiri alionse, ndipo zotuwa zikayamba kuchuluka, sabata iliyonse. M'chilimwe kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Pomwepo gwiraninso kunsi kwa chibwano ngati kwatupa madzi, papasani msana, onani kumchira ngati kwadetsedwa ndi kutsegula m'mimba, poti diso limangoonetsa njoka zoyamwa magazi.

Kumwetsa zokhazo zofunika kumasunga ndalama, komanso kumasunga mphamvu ya mankhwala. Mukamwetsa khola lonse, zotsala zamoyo ndi njoka zopirira zokhazokha, ndipo ndi zomwe zimaswana. Mukasiya nkhosa zathanzi osamwetsa, njoka zosapirira zimakhalapobe n'kumasakanikirana nazo. M'khola lililonse nkhosa zochepa, mwina ziwiri kapena zitatu mwa khumi, ndi zomwe zimanyamula njoka zambiri. Yomwe ikufuna mankhwala katatu kapena kanayi dzinja limodzi anzake ali bwinobwino, imeneyo ndi ya ndiwo kapena ya kumsika, isasiye mbewu. Mtundu nawo umawerengedwa: ku Kenya nkhosa za Red Maasai, ndi ku Zimbabwe za Sabi, zinapezeka kuti zimalimbana ndi Haemonchus kuposa Dorper. Wogula nkhosa yamphongo ya Dorper kuti akweze khola adziwiretu kuti ana ake adzafuna kuwayang'ana m'maso pafupipafupi.

Pomwetsa mankhwala ogula, yezani kulemera. Ikani nkhosa m'thumba loboola miyendo n'kuipachika pa sikelo yogulira mbewu. Kuyerekeza ndi maso kumapangitsa kupereka ochepa, ndipo mlingo wochepa ndi womwe umaphunzitsa njoka kupirira. Ivermectin womwetsa ndi mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu, levamisole ndi 7.5, ndipo ameneyu mukapyola mlingo nkhosa imanjenjemera n'kuchita thovu. Albendazole asaperekedwe kwa nkhosa yomwe yangotenga bere, mwezi woyamba ndi theka, chifukwa amalemaza mwana. Werengani pa botolo masiku odikira musanaphe chiwetocho.

Kuti mudziwe ngati tsamba lomwe mwasankha likugwira pa khola lanu, gawani nkhosa zofanana msinkhu m'magulu awiri, makamaka khumi khumi ngati zilipo, kapena phatikizanani ndi anzanu oyandikana nawo. Gulu lina lidye masamba, lina lisadye, msipu ukhale umodzi. Lembani ndi penti. Tengani ndowe za nkhosa iliyonse, timibulu khumi, kuchokera kumatako mutavala kapulasitiki kudzanja, kapena zongogwa kumene. Tulutsani mpweya m'kapulasitikimo, mangani, sungani pozizira koma osaumitsa ndi ayezi, ndipo zifike ku labotale pasanathe tsiku, mazira asanaswe. Alangizi a ziweto a m'dera lanu angakuthandizeni kutumiza ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe kapena ku labotale ya ziweto yomwe ili pafupi. Bwerezani pa tsiku la 14 ndi la 28. Mankhwala ogula amayenera kutsitsa mazira ndi 95 peresenti, ndipo akalephera ndiye kuti njoka zayamba kuwapirira. Masamba akatsitsa ndi theka, achita bwino. Gulu losadya lija n'lofunika kwambiri, chifukwa mvula ikamatha mu Epulo ndi Meyi nkhosa zambiri zimachira zokha, ndipo chitsamba chilichonse choperekedwa nthawi imeneyo chimalandira ulemu wosachiyenera.

Masamba a mitengo ali ndi ubwino wina wosakhudzana ndi tanini: timphutsi sitikwera mumtengo. Tambiri timakhala m'masentimita 5 mpaka 10 a udzu kuchokera pansi, ndipo timayenda m'chinyezi cha mame. Kilogalamu ya masamba yomwe nkhosa yadya itapachikidwa ndi kilogalamu ya udzu wa timphutsi yomwe sinadye. Choncho mangani nthambi m'mwamba kapena ikani m'chodyeramo chokwera, osaponya pansi pa ndowe. Tulutsani nkhosa mame atauma. Zulani chikhomo masiku atatu kapena anayi alionse, mazira asanasanduke timphutsi tokhwima, ndipo musabwerere pamalopo mpaka patatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa m'nyengo yotentha yachinyezi timphutsi timatha mphamvu msanga. Ng'ombe zikadya pomwe panali nkhosa zimasesa timphutsi tambiri osadwala nato kwenikweni, koma mbuzi ndi nkhosa njoka zake ndi zimodzi. Khola la m'mwamba lokhala ndi mipata pansi limalekanitsa ziweto ndi ndowe zake, ndipo ndowezo ziwolere pa mulu zisanapite kumunda.

M'chilimwe timphutsi tina timabisala m'khoma la chifu osakula, n'kudzadzuka mvula ikayandikira kapena nkhosa ikabereka. N'chifukwa chake nkhosa yoyamwitsa ikhoza kutuwa m'maso mu Novembala udzu usanamere n'komwe, ndipo kuyang'ana m'chikope kuyenera kuyamba mvula isanagwe. Koma ngati nkhosa zanu zimadya kudambo m'miyezi youma, ndipo zikutuwa ndi kutupa chibwano mu Ogasiti kapena Seputembala, ganizirani za chiwindi. Kumeneko kumakhala Fasciola gigantica, kachilombo kaphanthi konga tsamba, kotalika mpaka masentimita 7, komwe kamadzera m'tinkhono ta m'madzi osayenda. Masamba a tanini musawadalire pa kameneka, ndipo ivermectin payekha kapena levamisole sakagwira. Pamafunika mankhwala a triclabendazole, closantel kapena oxyclozanide. Mukapha nkhosa, chekani chiwindi modutsa m'timitsempha toyera tolimba tija n'kufinya: ngati tizilomboti tilimo, timatuluka tikuyenda.